Nyenyezi 4 mwa 5: maphunziro okonzekeretsa wodwala wa opaleshoni ya msana

Ndine namwino wa ku thiyeta kuno ku Zomba, ndipo maphunziro awa ndinalipira ndekha ndi ndalama ya chipeleganyu. Ndi a pa intaneti, a masabata 6, ndipo amaphunzitsa kukonzekeretsa wodwala amene mitsempha yake ikayang'aniridwe ndi makina pa nthawi ya opaleshoni ya msana. Akatswiri ake amangoti IONM. Kumene ndimagwira ntchito makinawa kulibe, koma ana a msana wopindika, ndi akuluakulu amene chifuwa chachikulu chinawadya mafupa a msana, amadutsa m'manja mwathu asanatumizidwe ku Blantyre kapena ku Lilongwe. Funso la agadiyani limakhala limodzi: "A sisita, akamung'amba msana adzayendanso?" Ndinkafuna kumawayankha ndikudziwa chimene ndikunena.

Sabata yoyamba inandigwira mtima. Munthu wogonetsedwa sanganene kuti mwendo wachita dzanzi, choncho mtsempha waukulu wa mumsana ukhoza kupanikizika osadziwika mpaka atadzuka. Njira yakale, imene dokotala Stagnara ndi anzake anailemba ku France mu 1973, inali yodzutsa wodwala pakati pa opaleshoni n'kumuuza kuti agwedeze zala za kumapazi. Makina amachita ntchito yomweyo munthu ali mtulo. Njira ina, yotchedwa SSEP, imatumiza timagetsi kuchokera pa kakolo kapena pamkono, n'kuona ngati uthenga wafika ku ubongo. Inzake, yotchedwa MEP, imayambira kumutu kutsikira ku minofu ya manja ndi miyendo. Pa SSEP, mphamvu ya uthenga ikatsika ndi 50 peresenti kapena ikachedwa ndi 10 peresenti, dokotala amayenera kuuzidwa pomwepo. Mphunzitsi anafotokoza zonsezi ndi zithunzi, mosathamanga.

Gawo loyeza mutu, kuti upeze malo obayapo tisingano ta makinawa, ndinalibwereza kangapo. Umayeza kuchokera pamphuno pakati pa maso kukafika pa kafupa ka kunkhongo, kenako kuchokera khutu lina kufika khutu lina. Pamene mizere iwiriyi yakumana pamatchedwa Cz, ndipo malo otchedwa C3 ndi C4 ali uku ndi uku, pa mtunda wa 20 peresenti ya mzere wa khutu ndi khutu uja. Ndinabwereka tepi kwa telala wa ku Chinamwali n'kumayeza mitu ya apabanja panga madzulo alionse mpaka manja anazolowera. Chimodzimodzinso kupeza mtsempha wa posterior tibial kuseri kwa kakolo wa mkati. Pa vidiyo zimaoneka zophweka, koma phazi lotupa limabisa zonse.

Koma chimene chandipangitsa kupereka nyenyezi 4 ndi sabata yachitatu, yokhudza wodwala weniweniyo. Kukonzekera kumayambira kuwodi dzulo lake. Umafunsa ngati amagwa khunyu, ngati ali ndi pacemaker (kachipangizo kothandiza mtima kugunda bwino) kapena kachipangizo komvera koikidwa mkati mwa khutu, ngati anachitidwapo opaleshoni ya mutu, ngati pali dzino logwedera. Umayesa mphamvu ya manja ndi miyendo n'kulemba, chifukwa popanda zimenezo ukayerekeza ndi chiyani akadzuka? Ndiye pali nkhani ya lilime. Magetsi a MEP amagwedeza nsagwada, ndipo wodwala akhoza kudziluma kwambiri. Mankhwala ake ndi gozi wokulunga woikidwa pakati pa mano akumbuyo mbali zonse ziwiri, n'kumuonanso mukamutembenuza chafufumimba, popeza potembenuza m'pamene amasuntha. Chinthu chaching'ono chotere, chosadula n'komwe, koma chopulumutsa mwana ku bala la pakamwa. Mphunzitsi anatsindikanso zowerenga tisingano tonse, polowetsa ndi potulutsa. Ife amene timadziwa HIV ndi hepatitis B m'mawodi mwathu sitingatenge zimenezi mwachibwana, pakuti kasingano koiwalika m'tsitsi kamabaya wonyamula wodwala.

Tsopano zimene zinandikhumudwitsa.

Mitu yonse ya m'mavidiyo inali ya tsitsi lowongoka, lotseguka mosavuta ndi chipeso. Palibe ngakhale mphindi imodzi yonena za mtsikana woluka mesh, kapena mwana amene amayi ake amudzoza Vaseline kumutu m'mawa uliwonse kuti aoneke bwino pamaso pa adokotala. Mphunzitsi anangoti tsitsi likhale lochapa, lopanda mafuta, ndipo impedance, muyeso wa mmene magetsi akuvutikira kudutsa pakhungu, ikhale pansi pa 5 kilo-ohm. Zoona, koma kwathu kuno kumasula tsitsi loluka ndi ntchito ya maola, komanso munthu analipira ndalama polukitsa. Uyenera kumuuza masiku angapo opaleshoni isanafike, ndiponso kumutsimikizira kuti tisingano topotana ta corkscrew timalowa pakhungu popanda kumeta mpala. Mtsikana wa zaka 14 amaopa kumetedwa pafupifupi ngati mmene amaopera mpeni. Ndinalemba funso ili m'malo ofunsira mafunso, yankho linabwera patatha masiku 9, ndipo linangobwereza zomwe zili m'vidiyo.

Chachiwiri ndi chilankhulo. Pali pepala labwino lofotokozera wodwala, koma lili m'Chingerezi chokha. Nditayesa kuliwerenga m'Chichewa kwa mayi wina amene ankadwazika mdzukulu, nditangoti "magetsi kumutu" nkhope inasintha. "Mwana wanga, mutu wake uli bwinobwino, vuto ndi msana," anatero. Anaganiza kuti tikunena za matenda a maganizo. Ndinaona kuti kumasulira mawu ndi mawu kukhoza kuthawitsa munthu. Panopa ndimati: "Agogo, pamene mwana ali mtulo, makina amakhala akufunsa miyendo kuti mukumva? Miyendo n'kumayankha. Ikangochedwa kuyankha, adokotala amaima kaye n'kukonza." Ndimawauzanso kuti singano zimalowa mwana atagona kale, ndipo akadzuka akhoza kuona timabala ting'onoting'ono pamutu ndi pamiyendo. Mawu amenewa ndinawapeza ndekha, maphunziro sanandithandize.

Za mankhwala ogonetsa anaphunzitsa bwino, koma molingalira chipatala chokhala ndi zonse. Mankhwala opumira monga isoflurane ndi halothane amafooketsa uthenga, makamaka wa MEP, n'chifukwa chake amakonda propofol ndi remifentanil zodutsa mu dripi. Mankhwala ofoola minofu akangopitirira, MEP imasowa. Nanga ketamine, amene ife timamudalira tsiku ndi tsiku, ndipo safooketsa uthengawu? Anangomutchula podutsa. Ngakhale phokoso la magetsi losokoneza mizere limene amaonetsa pa sikirini ndi la 60 Hz, pamene magetsi a ku Malawi ndi a 50 Hz.

Mavidiyo ndi olemera ndipo sungawasunge pa foni. Bandulo inkatha msanga, magetsi akathima ndinkatsalira. Akanalola kuwatsitsa, bwenzi zili bwino.

Anzanga anamwino, makiliniko ofesa ndi ogonetsa odwala, maphunzirowa ndi oyenera kuwachita ngati mumakumana ndi odwala msana. Dziwani chabe kuti satifiketi yake ndi yokonzekeretsa wodwala, si yomasulira mizere ya pa makina, ndipo kubaya singano pa munthu weniweni kumafuna wina wodziwa ataima pambali panu. Ine chimene ndatengapo chili kale m'thumba la yunifolomu: pepala limodzi la mafunso a dzulo la opaleshoni, lolembedwa m'Chichewa, ndipo funso la tsitsi ndaliika pamwamba. Mnzanga wa ku Machinga walitenga kuti aliike m'Chiyao.