Tchizi choluka cha chechil: chogula ndi chosiya pa shelefu

M'masitolo a ku Russia, pafupi ndi mowa, mumapezeka timapaketi ta tchizi cholukidwa ngati tsitsi. Anthu a kumeneko amachitcha kosichka, koma dzinali limangonena za kalukidweko. Mkati mukhoza kukhala chechil, tchizi cha ku Armenia, kapena sulguni wa ku Georgia yemwe amukoka n'kumuluka. Ogula ambiri sasiyanitsa, ndipo amalipira mtengo wa china n'kudya china.

Zonse ziwiri zimapangidwa mofanana poyamba. Mkaka ukaundana, amausiya kuti usase pang'ono, kenako amauviika m'madzi otentha madigiri 70 mpaka 80 n'kuyamba kukoka. Kusiyana kumayambira apa. Chechil amachikoka kambirimbiri mpaka chisanduke tizingwe, n'kuchiika m'madzi a mchere wambiri. Mukagwira kachingwe kamodzi n'kukang'amba chamulitali, kamagawika tiulusi toonda mpaka kumapeto osaduka. Chimenecho ndiye chizindikiro chachikulu. Ngati kakufumbutuka kapena kuduka pakati, mkakawo unasasa mopitirira, kapena anakoka madzi asanatenthe mokwanira. Sulguni, yemwe kwawo ndi ku Samegrelo, chigawo cha Georgia, amapindidwa m'malo mokokedwa motero, n'chifukwa chake ndi wofewa, wonyowa, wowawasa pang'ono, ndipo amasendeka m'magawo osanjikizana. Mwachikhalidwe amakhala wobulungira ngati chimbale ndipo ndi amene amaikidwa mu elarji (phala lolimba la chimanga losakaniza ndi tchizi) ndi khachapuri (buledi wokhala ndi tchizi). Akalukidwa, zingwe zake zimakhala zonenepa ndipo amasungunuka bwino pamoto.

Palinso tchizi china, tenili wa ku Samtskhe-Javakheti, chigawo china cha Georgia, wa ulusi woonda kwambiri, koma iye salukidwa. Amamupanikiza mumphika wadothi pamodzi ndi kirimu wa mkaka. Tchizi choluka choyera chokhala ndi timbewu takuda, chomwe chimapezeka m'masitolo a anthu a ku Armenia okhala kunja, n'chinanso: n'chofewa, ndipo timbewuto ndi nigella, tokometsera chakudya.

Pa chechil cha m'paketi, choyera ndiye chabwino. Kukoma kwa mkaka kumamveka, ngakhale mchere wake ndi woluma. Chiviikeni m'madzi ozizira kwa mphindi 20 kapena 30, musinthe madzi kamodzi, mumasule zingwezo musanaike patebulo. Madzi otentha ayi, chifukwa ulusi umamatana n'kukhala phala.

Chofukizidwa utsi ndi chomwe chimafuna maso. Chimene chakhaladi pa utsi wa nkhuni chimakhala ndi mtundu wosafanana: pamwamba pa zingwe n'pofiirira, koma mukamasula, pomwe zingwe zinagundana pamakhala poyera. Ngati mtundu ndi umodzi paliponse, m'makwinya momwe, ndipo kunja kukumata zala, ndiye kuti anachiviika m'madzi a fungo la utsi kapena anapaka utoto. Chotere chimasiya kuwawa kukhosi ndipo sichiyenera ndalama zanu. Werenganinso mndandanda wa zopangira. Chechil chenicheni chimafuna mkaka, mchere, zosasitsa ndi zoundanitsa mkaka basi. Paketi yolembedwa kuti syrny produkt (mawu a Chirasha a chinthu chongofanana ndi tchizi), komanso yotchula mafuta a zomera, si tchizi chenicheni, ndipo ulusi wake umaterera m'kamwa.

Vuto la mapaketi amenewa ndi kuuma. Mukatsegula, zingwe zoonda zimalimba m'masiku awiri kapena atatu ngati simunakulunge bwino. Sungani mufiriji pa madigiri 2 mpaka 6, m'kabokosi kotseka, ndipo gulani paketi yaing'ono, ya magalamu 100 kapena kuchepera, chifukwa ndi mchere wakewo anthu awiri samaliza yoposa pamenepo. Paketi ikatupa kapena mkati mukaoneka madzi otuwa oterera, isiyeni. Wofuna chomwera mowa atenge chechil. Wofuna choika mu buledi wotentha afunse sulguni wosafukiza.