A loya amene anayamba n'kuwerenga masiku pakalendala

Kalata yondichotsa ntchito m'boma inandipeza mu Marichi, nditagwira zaka 14 ngati kalaliki. Inali ya mizere isanu yokha. Sanandiitane kuti ndikayankhepo, ndipo chifukwa chake sanalembemo. Anzanga akuofesi anandilangiza kuti ndilembe kalata yodandaula kulikulu, ndipo ndinatero kawiri. Ndikaimba foni ankangoti fayilo ili patebulo la abwana.

Mlamu wanga wa ku Chibavi ndiye anandikoka dzanja kupita kwa loya wina m'tauni muno mwa Mzuzu, amene ofesi yake ili pamwamba pa sitolo ina kufupi ndi msika waukulu.

Zondikhumudwitsa zinalipo. Anandiuza kuti ndifike 9 koloko, koma ndinalowa cha m'ma 11, nditakhala pabenchi nsapato zili chinyowere ndi mvula ya kuno ija. Foni yawo imatha kuitana tsiku lonse popanda woyankha. Ndalama yoonana ndi loya umalipira usanalowe, ngakhale risiti amakupatsa osachita kupempha.

Nditalowa, ndinayamba kufotokoza kuchokera kuchiyambi, misozi ili pafupi. Anandiimitsa mwaulemu. Anatenga kalata ija, anayang'ana deti ya pachidindo, anachotsa kalendala pakhoma n'kuyamba kuwerenga ndi nsonga ya bolopeni. Atamaliza anati, "Mayi, mwatsala ndi masiku 9."

Thupi lonse linazizira. Palibe ndi mmodzi yemwe anali atandiuzapo kuti pali malire a nthawi.

Anafotokoza m'Chichewa chomveka bwino kuti ukafuna khoti lalikulu la High Court liunikenso chiganizo cha ofesi ya boma, chimene maloya amati judicial review, malamulo a khotilo a 2017, pa Order 19, amati ukasume mwamsanga, isanathe miyezi itatu chiperekedwere chiganizocho. Makalata anga awiri aja sanaimitse masiku. Jaji angathe kuwonjezera nthawi, koma uyenera kumupatsa chifukwa chogwira mtima, ndipo kuvomera kapena kukana zili kwa iye. Usanayambenso mlandu weniweni umayamba wapempha chilolezo cha khoti.

Apa ndi pamene ndinawakhulupirira, chifukwa sanandilonjeze kuti ndiwina. Anati jaji sakaona ngati ndinali wolimbikira ntchito, akaona njira imene anatsata pondichotsa. Ananditsegulira gawo 43 la malamulo aakulu a dziko lino, lonena kuti boma likamapanga chiganizo chokhudza munthu lizitsata chilungamo ndipo lizipereka zifukwa zake molemba. Anandichenjezanso kuti milandu yambiri ya pantchito ndi ya khoti la za ntchito, Industrial Relations Court, limene liliponso kuno ku Mzuzu, choncho a boma angathe kunena kuti ndagogoda khomo lolakwika. Ataona kuti ndikuzengereza pa nkhani ya malipiro, ananena okha kuti a Legal Aid Bureau amathandiza osowa ndalama, koma ngati ndikupita kumeneko ndipite tsiku lomwelo. Munthu wongofuna ndalama zanga sakananena zimenezo.

Ndinatsala nawo. Mapepala anakonza m'masiku anayi, ndipo kalata yolumbira anandiwerengera ndime ndi ndime ndisanasayine. Penapake analakwitsa chaka chimene ndinalembedwa ntchito, ndinawauza, anakonza pompo. Kukapereka kukhoti ndinapita nawo limodzi ndi mnyamata wawo wa muofesi, ndipo chidindo ndinachiona ndi maso anga chikumenyedwa.

Mlandu sunathe, ndipo kuti ndimve pamene wafika ndimachita kukwera masitepe aja ndekha. Zimenezi akonze, chifukwa si onse amene amakhala pafupi ngati ine wa ku Katoto.

Mnzanga amene tinachotsedwa sabata imodzi akudikirabe yankho lochokera kulikulu, miyezi itatu inadutsa kale. Dzulo ndamuuza kuti asavutike n'kuimba foni, akwere kabaza m'mawa, atenge kalata yake pamodzi ndi makope a zonse zimene analemba, akafunse kwa loya ngati jaji angamuwonjezere nthawi.