Nthano za makolo m'buku ndi pa tebulo la masewera

Wolemba amene akufuna kumanga nkhani yongopeka kuchokera ku nthano za makolo, monga za mizimu ya m'madzi kapena nyama zoyankhula, angathe kulemba buku, kapenanso kukonza nkhani yoti anthu azisewera atazungulira tebulo, aliyense atatenga mbali ya munthu mmodzi wa m'nkhaniyo.

M'buku, wolemba ndiye mwini zonse. Mzimu wolondera mlatho ukaponyera mlendo ndagi, wolembayo amasankha yekha yankho la mlendoyo ndi chilango chake akalephera, choncho mantha ndi mapeto a nthanoyo amafika kwa wowerenga monga anakonzera.

Pa tebulo mphamvuyo imagawidwa. Masewera amtunduwu anayamba kufala mu 1974, pamene Gary Gygax ndi Dave Arneson anatulutsa masewera otchedwa Dungeons & Dragons, ndipo lero olemba odziyimira paokha amagulitsa nkhani zawo pa masamba a pa intaneti monga itch.io ndi DriveThruRPG, ena n'kusonkhetsa ndalama zosindikizira pa tsamba la Kickstarter. Wolemba amangokonza mapu, zofuna za mzimu uja ndi malamulo ochepa. Wotsogolera masewera amafotokoza zomwe zikuchitika, osewera amasankha chochita, madayisi (tizinthu ta manambala tomwe amaponya) n'kugamula zotsatira zake. Osewera akhoza kunyalanyaza ndagi ija n'kuwoloka mtsinje posambira, zomwe wolemba wosazolowera saziganizira n'komwe.

Kwa ine, masewerawa ndiwo akuyandikira kwambiri kafotokozedwe ka nthano pakamwa, chifukwa omvera amatengapo mbali. Vuto lake ndi lakuti amafuna gulu la anthu amene apeza nthawi limodzi kwa maola angapo, pamene buku limangofuna wowerenga mmodzi.