Kalasi ya chimangirizo ya Loweruka ku Mabvuku

Makolo amene ana anu akulemba O Level ya ZIMSEC, bungwe la mayeso la ku Zimbabwe, mu Novembala, pali amayi ena, mphunzitsi wopuma pantchito, amene amaphunzitsa kulemba chimangirizo cha Chingerezi pakhonde la nyumba yawo ku Mabvuku, mumzinda wa Harare. Kalasi imakhala Loweruka m'mawa, ndipo amalipiritsa madola 10 a ku America pamwezi. Makolo a amayiwa anachokera ku Ntcheu nthawi ya Chitaganya cha 1953 mpaka 1963, choncho Chichewa amachiyankhula chomveka, ngakhale ana ambiri pakhondepo amasakaniza ndi Chishona.

Pepala loyamba la Chingerezi limafuna chimangirizo cha mawu 350 mpaka 450, ndipo kawirikawiri pamakhala mutu woti mwana asimbe nkhani. Ana athu amangoloweza. Mwana wanga wamkazi wa Fomu 4 ankayamba nkhani iliyonse ndi dzuwa likutuluka, mbalame zikuimba, ngakhale ikhale nkhani ya maliro. Pakhonde pa amayiwa mbalamezo n'zoletsedwa. Mwana asanagwire cholembera amaimirira n'kusimba pakamwa zimene zinamuchitikira, m'chiyankhulo chilichonse chimene akufuna, anzake n'kumamupanikiza ndi mafunso. Chingerezi chimabwera pambuyo, nkhani itapezeka kale.

Wanga anasankha ulendo wake woyamba wa ku Malawi. Analemba basi ikunyamuka pa Roadport, pokwerera mabasi ku Harare, kenako Nyamapanda, mlatho wa pa Zambezi ku Tete, Zobue, Mwanza, zonse mwandondomeko ngati zidindo za m'pasipoti. Aphunzitsi anawerenga n'kumubwezera kope. "Iwe mwana wanga, mabodawa ali pamapu, aliyense angawalembe. Chinakuchitikira iweyo n'chiyani?" Anakhala chete kanthawi, ndiye anatulutsa nkhani imene ngakhale ine mayi wake ndinali nditaiwala. Titafika kumudzi, agogo ake anamugwira m'manja osamusiya, n'kumupatsa moni pomutchula ndi mfunda, Nabanda. Iye sanadziwe kuti akunena iyeyo, anacheuka kuyang'ana kumbuyo, kenako anayankha m'Chishona, bwalo lonse n'kufa ndi phwete. Anathawira kuseri kwa nkhokwe kukalira. Amayi aja anamuuza kuti ulendo wonse wa pabasi ukwane m'ndime imodzi, mawu otsalawo awathere pabwalo paja: manja a agogo anali otani, ndani anayamba kuseka, kuseri kwa nkhokwe kunkanunkha chiyani. Chimangirizocho nditachiwerenga ndinamva mawu a mwana wanga weniweni. Apa ndiye pamene ndalama yanga inagwira ntchito.

Ndinakondanso kuti sakakamiza mwana kuulula za m'mtima pagulu. Wina akafuna kulemba za imfa ya bambo ake, amalemba, amayiwa amawerenga okha.

Zodandaula zilipo. Khondelo n'laling'ono, ochedwa amakhala pansi kope lili pabondo, ndipo dzuwa la Okutobala likafika pamenepo ana amangopukuta thukuta. Makope amachedwa kubwera, ndipo akabwera amakhala ofiira ndi zolemba zazing'ono zovuta kuwerenga. Mwana wamantha akhoza kugwa ulesi sabata zoyambirira, chifukwa amayiwa sanyengerera. Ndalama za pafoni za EcoCash salandira, chenji sakhala nacho, ndiye mupite ndi ndalama yokwanira. Za pepala lachiwiri, la kuwerenga ndime ndi kufupikitsa, saphunzitsa n'komwe. Nditawafunsa anangoti, "Amayi, zimenezo akazipeza kusukulu."

Ngati mwana wanu akuvutika ndi galamala yeniyeni, kalasi iyi siyokha ingamupulumutse, mumupezerenso wina womuthandiza. Koma amene Chingerezi akuchidziwa, n'kumangolemba nkhani zozizira zoloweza, mutumizeni. Ochokera ku Tafara angoyenda wapansi, enanu mukwere kombi za ku Mabvuku m'tauni, ndipo mwana afike 8 koloko isanakwane kuti apeze malo pabenchi.