Njira ziwiri zowerengera Jane Austen

Njira yoyamba imati mayiyu, yemwe anali mlembi wa mabuku a nthano wa ku England, sankalowerera ndale. Ankalemba za maukwati, magule ndi miseche ya m'midzi ya ku England, pomwe nkhondo za Napoleon, mtsogoleri wa France, zinali mkati. Kuwerenga kotere n'kokoma ndithu, koma kumasiya zambiri.

Yachiwiri imafunsa kuti chuma chikuchokera kuti. Mu Mansfield Park, buku la 1814, Sir Thomas Bertram ali ndi minda ku Antigua, chilumba chomwe nzimbe zake ankalima ndi akapolo. Fanny, mtsikana wachibale yemwe akuleredwa m'nyumba mwake, atamufunsa za malonda a akapolo, omwe Britain inaletsa mu 1807, m'nyumba munangoti zii. Mu 1993 katswiri wa zolembalemba Edward Said ananena kuti mtendere wa nyumba ija ukudalira thukuta la ku Antigua. Mu Pride and Prejudice, buku lina la Austen, ana aakazi asanu a bambo Bennet sangalandire nyumba ya bambo wawo, chifukwa lamulo la cholowa likuipereka kwa Collins, wachibale wamwamuna. Apa ukwati ndi nkhani ya pogona ndi chakudya.

Ine ndili kumbali yachiwiri. Yoyamba imalephera kundiuza chifukwa chomwe Charlotte Lucas, mnzake wa mmodzi mwa ana a Bennet, mtsikana wanzeru chonchija, akulolera kukwatiwa ndi Collins yemwe sakumukonda n'komwe.