Mabokosi opanda nambala pa mapu a kutentha kwa nyanja: tidumphe kapena tidzaze?

Mukatsegula fayilo ya miyezo ya kutentha kwa nyanja monga HadSST mupeza nyanja yamchere itagawidwa m'mabokosi, lililonse ndi nambala ya kutentha kwa madzi a pamwamba. Ena mulibe kanthu. Tiyerekeze mabokosi atatu ofanana kukula, a madigiri 28, 26 ndi 6. Avareji yake ndi 20. La 6 lija likasowa, yankho limatengera zimene mwachita ndi mpatawo.

Kuikamo ziro kumapereka 18, ndipo njira imeneyi itayeni, chifukwa ziro ndi madzi ozizira zedi, sikuti ndi malo osayezedwa. Zimaipiratu pulogalamu ikatenga chizindikiro cha -999 ngati kutentha kwenikweni, poti pamatuluka -315. Mu fayilo ina yotchedwa HadISST, -1000 amaimira malo a madzi oundana, choncho muziyamba mwasuzumira m'fayilomo.

Kudumpha ndiye kumene ambirife timachita, nthawi zina osadziwa, popeza mapulogalamu owerengera monga xarray ndi CDO (pa lamulo lake la avareji la fldmean) amangosiya okha mabokosi opanda kanthu. Yankho apa ndi 27. Likuoneka labwinobwino, koma mwavomereza kuti kumene sikunayezedwe kukutentha mofanana ndi kumene kunayezedwa. Chonsecho mipata siigwa mwachisawawa. Zaka za m'ma 1800 zombo zinkadzaza njira zamalonda za kumpoto kwa Atlantic, pamene kunyanja yozungulira Antarctica kunkafika zochepa kwambiri. Masiku ano zida za pa setilaiti monga AVHRR ndi MODIS siziona madzi kukakhala mitambo. Mu 2014 Cowtan ndi Way anaonetsa kuti HadCRUT4, fayilo ya kutentha kwa pamtunda ndi panyanja pomwe, posiya mbali yaikulu ya Arctic kumene kukutentha msanga, inkachepetsa kukwera kwa kutentha kwa dziko lonse.

Komabe kudumpha sindikukana, bola pachitike zinthu ziwiri. Musawerengere madigiri enieniwo, koma anomaly, kutanthauza kusiyana kwa bokosi ndi mmene limakhalira mwezi umenewo zaka zonse. Bokosi lozizira likasowa, avareji siilumphanso ndi madigiri 7. Kenaka bokosi lililonse lilemere molingana ndi kukula kwake, pogwiritsa cosine ya latitude, chifukwa la pa 60° ndi theka la la pa equator. CDO imachita yokha, koma mu xarray mpaka mulembe weighted.

Kudzaza ndi njira ya ERSST ya NOAA, bungwe la ku America loona za nyanja ndi zanyengo, ya mabokosi a 2° kuyambira m'zaka za m'ma 1850, komanso HadISST ya 1° kuyambira 1870. Mipata imatsekedwa ndi masamu, potengera mabokosi oyandikana ndi mmene nyanja imasinthira. Poyang'anira El Niño, amene anatiumitsira chimanga m'nyengo ya 2023/24, m'dera la nyanja ya Pacific lotchedwa Niño 3.4, NOAA imadalira ERSST, ndipo kumeneko zoyezera n'zambiri tsopano. Chimene chimandidetsa nkhawa n'chakuti mapu a 1880 amaoneka odzaza ngati a 2020. Kumene kunalibe muyezo, nambala zimakokeredwa ku zanthawi zonse, ndiye kale kumaoneka ngati nyanja inali yodekha kuposa mmene inalili.

Pa zaka za kuyambira 1981 ine ndimatenga fayilo ina ya NOAA, OISST ya 0.25°, yodzaza kale. Pa zakale ndimawerengera kawiri, ndi ERSST ndi HadSST ya 5° imene siidzaza mipata, n'kulemba pambali gawo la nyanja limene linayezedwadi chaka chimenecho. Mukamayerekeza mafayilo awiri, bokosi losowa mu imodzi mulichotsenso mu inayo.