Kalaputopu kakang'ono: Ubuntu, Mint, MX, antiX kapena Puppy?

Mwezi watha mwana wa achemwali anga anatulukira kunyumba kuno ku Dedza atapachika kalaputopu m'chikwama cha mabuku, kaja ka mainchesi 11 kopepuka ngati kope, anakagula pa kaunjika ku Lilongwe. Akuti amalume tandithandizani, kanthu aka ndikakayatsa ndimayamba ndakatereka tiyi, kumwa mpaka kutsuka kapu kasanatseguke. Nditakaona ndinapeza RAM, memori yomwe makina amagwirira ntchito akayaka, ndi 2GB, mosungira zinthu ndi 32GB basi, iyonso ndi ya eMMC yomatirira pa bolodi yoti sungaichotse n'kuika ina, ndipo malo otsala anali osakwana 2GB. Kanalibe matenda ena alionse, kanangosenzetsedwa katundu wopitirira msinkhu wake.

Timakina totere tadzaza kuno, aphunzitsi ali nato, ana a ku koleji, alembi a ma VSL ndi a kumpingo. Ndiye poti Windows 10 inasiya kulandira ma update aulere pa 14 October 2025, pomwe Windows 11 imafuna RAM ya 4GB, malo a 64GB ndi kachipangizo kotchedwa TPM 2.0, tambiri mwa timakinati tatsala panjira. Ambiri akumva kuti kuli Linux yaulere, sisitimu yolowa m'malo mwa Windows yomwe ili ndi mitundu yambiri, koma akafunsa kuti ndiike iti, aliyense amangotchula yomwe amaikonda iyeyo. Ine ndinakhala masiku atatu ndi kalaputopu ka mwanayu, kuphatikiza kanga kakale ka 1GB ndi ka mnzanga wa ku Linthipe ka 4GB, kuyesa imodziimodzi, ndiye ndati ndikuuzeni zomwe ndinaona.

Musanayambe kukangana za maina yambani mwaona zinthu ziwiri, RAM yanu ndi yochuluka bwanji, komanso purosesa yanu ndi ya 32-bit kapena 64-bit. Timalaputopu takale tija ta Asus Eee PC ndi Acer Aspire One ta m'ma 2008, tokhala ndi Intel Atom N270, ndi ta 32-bit, ndipo apa mpamene anthu amaonongera bandulo pachabe, munthu kudaunloda usiku wonse kenako n'kupeza kuti chinthucho sichikudzuka n'komwe pamakina ake. Ubuntu ndi abale ake onse anasiya kale 32-bit, Mint wamba anasiyira pa 19.3, ngakhale Linux ina yotchedwa Debian, ya 13 yomwe inatuluka mu August 2025, ilibenso ya 32-bit yoti n'kuika. Atom N450 ndi ma Celeron a pambuyo pake monga N3060 ndi N4000 ndi a 64-bit, amenewo mwayi ulipo wambiri.

Tiyambe ndi Ubuntu poti ndi dzina lomwe aliyense amayamba kulimva. Ine dzinali ndimalikonda, ndi mawu omwe aja ife timati umunthu, ndipo anaiyambitsa ndi Mark Shuttleworth wa ku South Africa mu 2004. Pakompyuta yamphamvu ndi yabwino zedi, ukakakamira penapake mayankho ake ali mbwee pa intaneti. Koma pakalaputopu kakang'ono ayi ndithu. Maonekedwe ake aja otchedwa GNOME ndi olemera, eni akenso amanena kuti 24.04 imafuna RAM ya 4GB, ndipo fayilo yoikira yokha ndi pafupifupi 6GB. Taganizani 6GB pa bandulo ya pafoni, netiweki yake yoti uli kuseri kwa phiri, mwina magetsi n'kuzima uli pakati. Imeneyo ndinaisiya msanga.

Lubuntu ndi Ubuntu yemweyo atavula jekete lolemera n'kuvala lopepuka lotchedwa LXQt, ndipo pa 2GB imathamanga bwinobwino, menyu ili pansi kumanzere ngati Windows 7, munthu sasochera. Zondikayikitsa ndi ziwiri. Choyamba amaisamalira zaka 3 zokha pomwe Ubuntu weniweni ndi zaka 5. Chachiwiri, chomwe kwa ife ndi nkhani yaikulu, Firefox yake imabwera mu mtundu wotchedwa snap, ndipo ma snap amadzipanga update okha mwakachetechete osakufunsa, komanso amachedwerako kutseguka ulendo woyamba pamakina ofooka. Kwa munthu wa WiFi ya pamwezi zimenezo palibe vuto, koma iwe wayatsa hotspot kuti ungotumiza assignment imodzi ndiye data n'kumapita kumbali, zimawawa. Njira yoziimitsira ilipo koma ndi ya mu terminal, windo lija lolembamo malamulo ndi mawu, ndiye munthu wongoyamba kumene sangaidziwe. Xubuntu nayo nkhani yake ndi yomweyi, kungoti jekete lake ndi Xfce.

Tsono Linux Mint, makamaka ya Xfce. Iyi ndi yomwe ndimaikira munthu amene sindikufuna kuti azindiimbira foni tsiku ndi tsiku. Inayamba mu 2006 ndi Clément Lefèbvre, pansi pake ndi Ubuntu koma ma snap anawatsekera kunja, Firefox ndi ya wamba, ndipo ma update amakudikira, kachishango kali pakona kamangokuuza kuti alipo, iweyo ndi amene umasankha tsiku, kaya ukafika pomwe pali WiFi kaya wagula bandulo ya usiku. Mint 22 adzaisamalira mpaka 2029. Fayilo yake ndi pafupifupi 3GB, theka la Ubuntu, ndipo LibreOffice, yolembera ngati Microsoft Office, imabwera ili momwemo, komanso muli Driver Manager yomwe imakupezera dalaivala wa WiFi ngati wavuta. Pa ka 4GB ka mnzanga uja inakhala ngati kanabadwa nayo, ndipo iyeyo ndi mphunzitsi woti za makompyuta sizimusangalatsa, amangofuna kulemba ma scheme ndi mayeso, koma tsiku loyamba lomwelo anapeza yekha polembera, posungira ndi potsekera. Pa 2GB imayenda, eni ake amati 2GB ndiye poyambira, koma ukatsegula browser ndi LibreOffice nthawi imodzi umamva kuti kakupuma movutikira. Chenjezo limodzi kwa a 32GB, Mint ili ndi pulogalamu yotchedwa Timeshift yomwe imasunga chithunzi cha sisitimu yonse kuti zikaonongeka ubwerere m'mbuyo, ndi yabwino kwambiri koma ukaisiya kuti izisunga tsiku lililonse pa kadisiki kakang'ono, malo amatha osadziwa kuti apita kuti. Sungani chimodzi kapena ziwiri basi, kapena muzisungira pa hard drive yakunja.

MX Linux ndi antiX ndi pachibale, onse anachokera kwa Debian ndipo amabwerekana zida. antiX ndiye wopepukitsitsa mwa onse omwe ungagwirire ntchito tsiku ndi tsiku, ndipo antiX 23 ili ndi ya 32-bit. Pa kanga ka 1GB kaja, komwe kanakhala m'kabati zaka zingapo, itangodzuka inkadya RAM yosafika 300MB, ndinachita kuyang'ananso kawiri. Koma kunena zoona maonekedwe ake ndi achikale, jekete lake ndi IceWM, zinthu zina monga kulumikiza WiFi kapena kuika chizindikiro pa desktop zimafuna uzolowere kaye, ndipo munthu wochokera ku Windows tsiku loyamba amakwinya nkhope. MX ili pakatikati, ili ndi Xfce ngati Mint koma yopepukirako pang'ono, ba yake, mzere uja wokhala ndi menyu, imabwera ili chakumanzere choimirira, ena zimawasokoneza koma umaitsitsa pansi mosavuta.

Chomwe chinandigwira mtima pa awiriwa si kupepuka kokha ayi, ndi chida chotchedwa Snapshot. Umaika sisitimu pamakina amodzi, kupanga ma update onse, kuikamo VLC, mafonti, Kiwix yowerengera Wikipedia popanda intaneti, chilichonse chomwe ukufuna, ukatero Snapshot imakulungira zonsezo mu fayilo imodzi yoikira sisitimu, yotchedwa ISO, yoti ukaika pa flash ukhoza kukaikira makina ena, zonse zili momwemo. Ndiye kuti bandulo imagulidwa kamodzi. Munthu mmodzi pa Boma akakonza flash yotere, wa ku Bembeke, wa ku Mayani, wa ku Lobi mpaka wa ku Lizulu akhoza kudzangokopera osaononga ngakhale MB imodzi, ndipo palibe lamulo lomwe waphwanya chifukwa zinthu zake ndi zololedwa kugawana, ma key kapena ma crack kulibe. Ingokumbukirani kusankha mtundu wa snapshot wogawira ena, uja umachotsa akaunti ndi mapasiwedi anu, osati wosungira zanu. Anzathu akunja akamayerekeza ma Linux nkhani ya data saiwerengera kwenikweni, koma kwa ife kuno ndi yomwe imagamula kuti chinthu tichigwiritsa ntchito kapena chingokhala.

Puppy Linux ndi kagalu kakang'onodi, anakayambitsa Barry Kauler wa ku Australia mu 2003, fayilo yake ndi ma MB mahandiredi ochepa, ndipo kamadzikweza konse mu RAM n'chifukwa chake kamathamanga modabwitsa. Ine ndimayenda nako pa flash ngati sipanala, laputopu ya munthu ikakana kudzuka ndimalowa nako n'kupulumutsa zithunzi ndi ma document ake. Koma kuikira munthu kuti azigwiritsa ntchito masiku onse sindingatero, umakhala uli root nthawi zonse kutanthauza kuti palibe chokuletsa kufufuta chinthu chofunika, ndipo kasungidwe kake ka zinthu ndi kachilendo. Pali ena amatchulanso ChromeOS Flex, imeneyo si yotseguka ngati zinazi, imafuna 4GB ndipo moyo wake wonse ndi intaneti, ndiye kwathu kuno sindikuionera malo.

Koma abale ndikuuzeni chinthu chimodzi chomwe palibe Linux ingachithetse, chodya RAM kwambiri ndi browser. antiX ikhoza kudzuka ndi 300MB koma ukatsegula Facebook, YouTube ndi WhatsApp Web pamodzi, 1GB yatha pompo. Ndiye ikani uBlock Origin mu Firefox kuti zotsatsa malonda zisamadye RAM ndi data yomwe, ma tab asapitirire awiri kapena atatu, makanema muzionera pa 360p, ndipo ngati mungathe yatsani zram, imapanikiza zinthu mu RAM momwemo m'malo mothamangira ku disiki yochedwa. Ngati kalaputopu kanu kali ndi hard drive yozungulira ija yoti n'kuchotsa, kuikamo SSD ngakhale ya 120GB kumasintha zinthu kuposa kusintha Linux kasanu.

Poyesa musathamangire kufufuta. Pezani flash ya 16GB, ikanimo pulogalamu yotchedwa Ventoy, kenako muzingoponyamo ma ISO angapo ngati mukuponya nyimbo, poyatsa imakufunsa kuti udzutse iti. Zonse ndatchulazi zimayenda kuchokera pa flash osakhudza zomwe zili m'kati, ndiye onani ngati WiFi ikugwira, mawu akutuluka, mabatani owalitsira sikirini akugwira, komanso ngati kakudzuka mukatseka chivundikiro n'kutsegulanso. WiFi ikakana, kawirikawiri amakhala makadi ena a Broadcom omwe amafuna dalaivala wapadera, lumikizani foni ndi chingwe muyatse USB tethering, intaneti ibwera yokha n'kukokera dalaivalayo. A timasikirini ta 1024x600, windo ikatalika mpaka batani la OK kubisala pansi, dinani Alt n'kuikoka ndi mouse kuchokera paliponse, ikwera. Palinso timakina tina ta Atom Z3735F toti purosesa ndi ya 64-bit koma UEFI yake, kapulogalamu kodzutsa makina, ndi ya 32-bit, timeneto timavuta kudzutsa ndipo ndi bwino kupita nato kwa munthu woti anazichitapo.

Zomwe mutaye ndikuuzirenitu. Microsoft Office ndi Photoshop siziyenda mwachindunji, mapulogalamu ambiri oflashira mafoni ndi a ma DJ ndi a Windows, ndiye ngati ndi pomwe mumapezera ndiwo ganizani kawiri. LibreOffice imatsegula ndi kusunga docx, koma matebulo ndi mafonti nthawi zina amasuntha, choncho popita kokaprinta sungani ngati PDF. Chomwe mupindule, kavairasi kaja kosandutsa mafoda a pa flash kukhala ma shortcut sikagwira ntchito pa Linux, mafayilo aja kanawabisa mumawaona onse bwinobwino, kungoti flash yodwalayo mukaipereka kwa wa Windows imakamupatsirabe.

Ndiye ine kuona kwanga, wa 4GB aike Mint Xfce asavutike n'kuganiza zambiri, wa 2GB aike MX, kapena Lubuntu ngati data si vuto kwa iye, wa 1GB ndi wa 32-bit yense antiX. Ka mwana wa achemwali kaja ndinakaika MX, ba ndinaitsitsa pansi, ndinayatsa zram, ndipo zonse zitalowa malo opitirira theka la 32GB ija anatsala. Ndinamupangiranso flash ya Snapshot kuti akaikire anzake awiri a ku hostel omwe ali ndi timakina tofanana. Anakwera minibasi ya ku Lilongwe Lamlungu masana, Lachiwiri usiku ndikuona uthenga pa WhatsApp, akuti amalume kakuyaka ndisanakhale n'komwe pansi, koma ndiuzeni posungira docx paja ndi pati.